Maliro a Bedi Folo

Nambuma
9 Juni 2024

Wokondedwa mlongo wanga Zione,

Ndikhulupirira uli bwino ku Blantyre kumeneko, iwe pamodzi ndi odwala ako ogona ndi mapaipi m'mphuno. Kuno tilipo. Amayi akudandaula bondo monga mwa masiku onse, alamu ako a Mary akudandaula ine monga mwa masiku onse, ndipo fodya wanga anapita ku okushoni kukandichititsa manyazi pamaso pa ogula.

Ndalemba kalata ngati munthu wa nthawi ya atsamunda chifukwa foni yako siyankhidwa. Ndaimba mpaka mayi uja wa m'foni, wonena kuti nambala mwaimbayi sikupezeka, tayamba kuzolowerana. Mary wayamba nsanje.

Nkhani ndi iyi. Chiikireni maliro a bambo mu Epulo, dzina lako silinatsike pakamwa pa anthu. Kuchigayo ndiwe, kumjigo ndiwe. Akuti sunalire. Ine ndinayesa kukuikira kumbuyo, ndinati mwina unakalirira kubafa. Koma azakhali a Naomi anali m'chipindamo pamene bambo ankatsirizika, ndipo azakhali ukuwadziwa, wailesi imayamba yafunsa iwo isanaulutse nkhani. Akuti bambo atangoleka kupuma, iwe unawagwira pakhosi, n'kuyang'ana wotchi, n'kunena kuti, "Folo koloko yadutsa ndi mphindi khumi." Kenaka unawatseka maso, kuwamanga chibwano ndi mpango, kuwaongola miyendo, n'kutuluka kukafunsa ngati tiyi watsalako. Zione, wotchi? Kodi bambo anali basi?

Ena akuti ndi matama a sukulu. Ena akuti anamwino amakubayani jakisoni woumitsa mtima. Azakhali akunena zina zoposa apa, zimene sindingalembe pa pepala lodutsa m'manja mwa akatekisiti. Amayi akamva dzina lako amayamba kusesa pamalo posesa kale.

Ubwere udzaonekere. Ngakhale udzangotsokomola pamanda, ine ndidzachitira umboni kuti inali misozi.

Ndine mlongo wako,
Rodwell


Blantyre
27 Juni 2024

Achimwene,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti mwapeza mkazi wachiwiri m'foni. Mumupatse moni. Moninso kwa amayi, alamu ndi ana. Ine ndilipo, ndikuyenda ndi miyendo yanga, zimene kuntchito kwathu kuno ndi ulemerero waukulu.

Za wotchi ndi zoona. Azakhali sananame, ngakhale kuti kwa iwo zimenezi n'zachilendo. Kuno kuchipinda cha odwala mwakayakaya, munthu akatsirizika choyamba ndi nthawi, chifukwa adokotala adzaifunsa. Kenaka maso ndi chibwano, thupi lisanaume. Kenaka kusintha nsalu, popeza panja pali wina amene akudikira bediyo. Manja anga anachita zimene amachita tsiku ndi tsiku, sanandifunse kuti ameneyu ndi ndani. Za tiyi ndiye musandinenere ndekha. Inu munamwa ndi mbatata pamwamba, misozi ikugwera m'kapu momwemo.

Mukuti ndilire. Ndiuzeni golosale imene imagulitsa misozi pa Nsaru, ndidzagulire azakhali kabotolo. Kuno sitilira, achimwene. Achibale a odwala amaima pazenera la galasi n'kumawerenga nkhope zathu. Ukangopukuta diso, mayi wina panja wadzigwetsa kale pansi, pamene mwana wake akupuma bwinobwino. Ndiye timaphunzira kuyenda ndi nkhope ya thabwa. Yangayi yandikanirira, sichoka ngakhale ndikaweruka.

Foni ndinaitsekera m'kabati. Ikalira ndimadzidzimuka ngati ndi makina a wodwala. Dzana ku Limbe lole ina imabwerera m'mbuyo ikulira pii, pii, pii. Ine ndinataya tomato pansi n'kuyamba kufunafuna amene akufa. Sekani, nanenso ndinaseka, wogulitsa tomato yekha ndi amene sanaseke.

Tulo ndiye tinasudzulana mwamtendere, aliyense anatenga katundu wake. Sabata yatha ametironi, akulu athu a anamwino, anandipeza nditaima m'chipinda chosungira nsalu, osadziwa chimene ndadzatenga kapena nthawi imene ndalowa. Andipatsa tchuthi mu Ogasiti, akuti ndikapume. Ndibwera. Ndikufuna mphasa, mthunzi wa mango kuseri kwa nyumba, ndi anthu osandifunsa kanthu. Musauze munthu. Ndati munthu, ndipo amayi ndi munthu.

Mlongo wanu,
Zione


Nambuma
21 Julayi 2024

Mwana wanga Zione,

Atamandike Yesu Khristu. Ine ndilipo, bondo lokha. Ndalemba ndekha, usaseke zilembo.

Rodwell wandiuza kuti ukubwera, ndipo wandiuzanso kuti unati asandiuze. Nanga ukanadzagona kuti? Mumtengo?

Ndamva kuti ukufuna kupuma. Kupuma n'kwabwino, nanenso ndidzapuma ndikadzafa. Koma iwe uli ndi mlandu ndi mudzi uno, ndipo mlandu suola. Anthu akuti ndinabala mwala. Ine ndikudziwa kuti sindinabale mwala, ndinalipo. Choncho Lamulungu lapitali ndinaimirira pa mphakati n'kulengeza kuti mwana wanga, namwino wa chipatala chachikulu, akubwera, ndipo adzaona wodwala aliyense ulele. Anthu anaomba m'manja. Mkazi wa akatekisiti, uja amakunena kwambiri, anandikokera pambali kufunsa ngati umadziwa za chizungulire. Waona? Akadzaona manja ako adzaiwala za maso ako.

Ubweretse kachipangizo kaja kopopa pamkono, ndi panado wokwanira. Yunifolomu yoyera usaisiye, anthu angayese tikunama. Shuga ndi sopo sindinena, ukudziwa wekha.

Ndine mayi ako,
Ezeliya


Nambuma
18 Ogasiti 2024

Zione,

Moni ndikukupatsa, ngakhale iwe unachoka osatsanzika ngati mkamwini wothawa ulimi. Ndikufuna ndidziwe ngati unafika. Daniel wakabaza akuti anakutula pa siteji ulibe chikwama, nsapato zili m'manja. Chikwamacho chili kuno, ndipo Mary wayeza kale juzi yako.

Ndikuvomera kuti chigulu chinali chachikulu. Tsiku loyamba mzere unafika pa khola la nkhumba. Lachiwiri lake kunabwera a ku Kabudula pa ngolo, kusiya chipatala pakhomo pawo. Ndikuvomeranso kuti mkulu uja anabwera ndi mbuzi yotsegula m'mimba, n'kumati mimba ndi mimba, anapitirira malire. Koma unagwira ntchito bwino, Zione. Anthu anali atayamba kale kusintha nyimbo. Mkazi wa akatekisiti amauza aliyense kuti uli ndi manja a Maria Woyera. Mary anagulitsa zitumbuwa pamzerepo mpaka ufa kutha, ndipo amapempha kuti uzibwera pafupipafupi.

Ndiye chinakulowa n'chiyani tsiku lachitatu? Kamtsikana kaja ka a Steven, ka mphumu, kanangoti kukhala pampando, iwe kukayang'ana. Kenaka unakuwa pamaso pa mayi ake kuti, "Chotsani ameneyu, sindikufuna andifere." Mwanayo ali bwinobwino, dzulo ndamuona akuthamangitsa nkhuku. Koma mayi ake akuti unamutemberera, ndipo akumuwaza madzi odalitsa m'mawa ndi madzulo, mwana mpaka wayamba chimfine.

Ndiye tsopano suli mwala chabe, uli mwala wolankhula zoopsa. Amayi sanapite ku Misa Lamulungu, koyamba chibadwire changa. Akuti bondo. Bondo lomwelo linawafikitsa kudimba masana ake.

Ine ndinalakwa kuulula za ulendo wako, pamenepo sindikana. Koma munthu amalakwiridwa n'kutukwana, sathawa opanda nsapato kuphazi. Ndiyankhe, ngakhale ndi mwano.

Rodwell


Nambuma
15 Sepitembala 2024

Zione,

Kodi ulipo? Lamulungu lililonse Misa ikatha ndimaima pakhomo pa akatekisiti kudikira makalata. Tsopano amangondipukusira mutu ndikadali patali, ngati ndine wopempha ndudu.

Nthabwala zandithera, ndatsala ndi zakale zokha. Amayi aonda. Ukapanda kuyankha mwezi uno, ndikwera basi ndi chikwama chako, ndidzalowe kuchipinda chanu choletsedwacho ndi nsapato zanga zakudambo.

Rodwell


Blantyre
29 Sepitembala 2024

Amayi,

Ndikukupatsani moni. Muwauze achimwene kuti ndilipo, asabwere ndi nsapato zawozo, odwala athu ali ndi mavuto okwanira.

Ndayamba kalata imeneyi kambirimbiri n'kumaing'amba. Ino sinding'amba, muiwerenge momwe ilili.

Mu Julayi, ndisanabwere kumudzi, pa bedi folo panagona mtsikana. Msinkhu wake, malukidwe a tsitsi, kakhosi kake kowonda, zonse ngati mwana wa a Steven. Nayenso chinali chifuwa. Anakhala nafe masabata angapo ali ndi paipi kukhosi, osatha kulankhula, ndiye akafuna kanthu amandifinya chala. Kenaka anayamba kupeza bwino. Tinachotsa paipi, ndipo mawu ake oyamba anali opempha chimanga chootcha. Ndinamuuza kuti ndimubweretsera mawa. M'mawa mwake ndinalowa nacho chili m'pepala, ndinapeza pa bedipo pagona bambo wina wa ndevu. Palibe anandiuza kuti mtsikanayo anatsirizika usiku, aliyense anali ndi wodwala wake. Chimangacho ndinapatsa mlonda, ndinasamba m'manja, n'kuyamba kumuyeza wandevuyo.

Dzina la mtsikanayo ndaliiwala, amayi. Ndayesa kulikumbukira, sizikutheka. Ndimangodziwa kuti bedi folo.

Ndiye mwana wa a Steven atakhala pampando paja akupuma movutikira, ine sindinaone iyeyo. Sindinamutemberere. Ndinachita mantha.

Chiyambire ntchito kuchipinda chimenechi, ondifera m'manja ndi ambiri kuposa anthu a mphakati wanu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamulira. Bambo anangopezeka pamzere womwewo. Ndinkawakonda, inu mukudziwa. Pamanda paja ndinadzitsina pantchafu mpaka kutupa kuti mwina misozi ibwera, koma sikunabwere kanthu.

Kuntchito anatibweretsera mlangizi, mnyamata wa tayi, wonunkhira bwino. Anatiphunzitsa kupuma. Akuti kokani mpweya, tulutsani. Kuphunzitsa ife, amene timapumitsa anthu ndi makina. Anzanga ena amapemphera m'bafa, ena amamwa, wina anangosiya ntchito n'kukatsegula saluni. Ine ndimangopitabe. Koma masiku ena ndikaima pambali pa wodwala amene tamugoneka ndi mankhwala, wosamva kanthu, wosafunsidwa kanthu, ndimamusirira. Ndikudziwa kuti si mawu olembera mayi wokubala, koma ndi amene alipo.

Kumudzi ndinabwera kuti ndidzakhale mwana, ndinapeza mwandikonzera chipatala. Sindinakukwiyireni. Munkafuna kundiyeretsa dzina. Kungoti kwanuko kunali komaliza kumene ndinkaganiza kuti ndingathawireko, ndipo tsopano sindikudziwa kwina.

Mwana wanu,
Zione


Nambuma
10 Okutobala 2024

Zione,

Kalata yako wandiwerengera Rodwell chifukwa magalasi anga inawaponda nkhumba. Pakati penipeni anasiya n'kutuluka, akuti utsi. Moto kunalibe.

Ndakwiya. Osati ndi iwe, ndi chipatala chanucho. Ndi malo otani amene munthu amafa, anthu n'kungosintha nsalu? Kuno ngakhale chidakwa chimaliridwa. Adzukulu akakwirira manda amasamba, amakhala pansi, amadya. Inu mumaika maliro tsiku ndi tsiku muli chiimire, kenaka akubweretserani wa tayi.

Za chigulu chija ndinalakwa. Ndanena kamodzi, usadzandifunsenso.

Mawu aja a kusirira ogona sindinawakonde, ndipo chiwamvereni sindikugona. Usadzawalembenso. Ukadzawamva mumtima, ukwere basi, udzawanenere pamaso panga.

Pampu yopalasa ija ya kudimba ikauma, sitiitukwana. Timayamba tathiramo madzi ena kuti ikoke. Ndikudziwa chochita. Ukapemphe tchuthi china, ukanene kuti mayi ako akudwala, bondo lidzachitira umboni. Ubwere wopanda yunifolomu. Pa mphakati sindinena kanthu, ndipo Rodwell sindimuuza kanthu. Ino ndalemba ndekha ndi magalasi obwereka.

Mayi ako,
Ezeliya


Nambuma
3 Novembala 2024

Mlongo wanga Zione,

Ndikhulupirira unafika bwino ndipo mawu abwerera, popeza unachoka kuno ukulankhula ngati chule. Amayi ali bwino, lero apita ku Misa ndipo akhala kutsogolo. Juzi yako Mary akuti inakuchepera kale.

Iwe unali m'nyumba tsiku lija, ndiye sudziwa zimene zinachitika kunja. Pamaso sindinathe kukuuza. Ndikuuza pa pepala, pepala siliyang'ana munthu.

Utafika dzulo lake, m'mawa amayi anandithamangitsira kudambo kuti ndikathirire nazale ya fodya. Sindinadziwe kuti atumiza ngolo ku Kabudula kukatenga azakhali a Naomi, omwe aja anakunena mudzi wonse. Amayi akuti anasankha iwo dala. Pa kulira maliro palibe wowaposa chigawo chino, komanso amene anatsegula pakamwa ndi amene ayenera kutsekapo.

Zam'katimo ndamva kwa Mary, ngati akunama umutsutse. Akuti anakukhazika pamphasa, amayi, azakhali, iyeyo ndi amayi awiri a gulu la kutchalitchi la Alejio, n'kutseka chitseko. Amayi anati, "Anthu ako aja tiwalira lero. Tiyambe ndi ndani?" Iwe unati mayina suwadziwa, ukungodziwa bedi folo. Azakhali sanafunse kanthu. Anangofunda chitenje kumutu n'kuuyamba: "Bedi folo ine, mayo! Mwana wa eni, wapita osadya chimanga chako!" Akuti iwe unayamba ndi kuseka. Unaseka, kuseka, mpaka kusekako kunatembenuka.

Tsopano tamva zakunja. Mfuuwo unafika kudambo ine ndili ndi keni m'manja. Kulira kwa maliro sufunsa, ndipo ndinadziwa kuti kukuchokera kwathu. Ndinatchera khutu. Ndinamva mawu a amayi, ndinati ndiye wafa si iwo. Ndinamva a Mary, ndinati si iyeyo. Ako sindinawamve. Ndinali ndisanamvepo iwe ukulira chikulire, ndikanawazindikira bwanji? Pomwepo ndinakumbukira zimene unalemba za kusirira ogona.

Keni sindikudziwa kumene inagwera. Ndinadula m'madimba a eni, ndinaponda mpiru wa akatekisiti, ndinagwa pamzere n'kudzuka n'kugwanso. Njira yonse ndimatukwana, iwe, ine, chipatala chako, ndiponso ena amene ndikawatchula ndiyenera kukalapa.

Ndinapeza mudzi wonse wafika kale. Amuna abweretsa mabenchi, azimayi asenza nkhuni, akatekisiti ali ndi buku kukhwapa. Palibe amadziwa kuti wafa ndani, koma aliyense anali atayamba kale kumuyamikira kuti anali munthu wabwino. Ine sindinaime. Chitseko chija ndinachilowa ndi phewa, mpaka lero sichitsekeka bwino.

Ndimayembekeza kukupeza utafundidwa nsalu mpaka kumutu. Ndinakupeza uli pamiyendo pa amayi, kamwa yasa, maso otupa, mamina mpaka pachibwano, ukuitana bambo ngati kamwana kosiyidwa pamsika. Unali wonyansa, Zione. Sindinaonepo chinthu chondikondweretsa ngati chimenecho. Zimene ndinachita kenaka azakhali akufalitsa kale, akuti ndimalira mosalongosoka ngati ng'ombe.

Amayi anatuluka, anakonza mpango, n'kuyang'ana chigulu chija. Anati, "Maliro alipo, koma mitembo ili ku Blantyre. Ndi anthu amene anafera m'manja mwa mwana wanga, opanda wowalira pamalopo. Amene wabwera kudzalira alowe, amene wabwera kudzadya abwerere." Amuna ambiri ananyamula mabenchi awo. Akatekisiti anatsegula buku, anapeza kuti mulibe tsamba la zotere, n'kulitseka. Koma amayi ena analowa, ndipo woyamba anali mkazi wa a Steven. Ndi amene amakusisita pamsana paja, ngati sunamuone.

Akuluakulu a mudzi anakhala pansi mawa lake iwe uli mtulo. Akuti kulira maliro opanda mtembo ndi malodza, ndi kuitana imfa. Amayi anayankha kuti imfa siidikira kuitanidwa, akafunse iwe. Anatilipiritsabe tambala, ndipo amayi analipira mosanyinyirika chifukwa tambalayo anali wanga.

Azakhali akuti ulendo wina uziwadziwitsa msanga kuti azikonzekera mmero, ndipo uziyesetsa kusunga mayina, chifukwa kulira nambala kumawavuta pa kayimbidwe. Amayi akuti mphasa ilipo, ndipo sakufuna kumva zoti wadikira mpaka achuluke.

Sindikunena kuti wachira. Ndinakuona pokwera kabaza kuti nkhope ija ya thabwa unaitenganso, ndipo ndikudziwa kuti kumeneko imafunika. Koma zikadzayambanso kulemera, usadzakhale chete mwezi wathunthu ngati muja. Ukwere basi ubwere ndi miyendo yako, tidzalipira tambala wina. Ine ndakula, mlongo wanga. Kuthamanga kumene ndinathamanga tsiku lija sindingakuthenso kachiwiri.

Ndine mlongo wako,
Rodwell